Pomwe Tinakumana

Laputopu ya Esinati yagona m'kabati zaka ziwiri,
pansi pa zitenje zake zomwe ndikulephera kugawa.
Lolemba ndinaiyatsa.
Inandifunsa mawu achinsinsi
ngati mlonda watsopano pageti la nyumba yanga yomwe.

Pansi pa kabokosi anasiyapo chokumbutsa,
tizilembo tating'ono: pomwe tinakumana.
Ndinaseka ndekha. Zimenezi n'zofunsa?
Ndinalemba Kawale. Inakana.
Kawale ndi chaka chake. Inakana.
Ukwati wa Felesiya, dzina la holo, perekaniperekani.
Inkangondibwezera
ngati munthu wodziwa kuti ukunama
koma safuna kukuchititsa manyazi.

Ndinaikulunga m'jumbo n'kukwera minibasi ya m'tauni.

Zikani ali ndi kakontena ku Malangalanga,
pakati pa ogulitsa mapaipi ndi mnyamata wa chiwaya.
M'khosi mwake mumalendewera mafulashi asanu
pa chingwe cha nsapato.
Anayamba wafunsa ngati makinawo ndi angadi.
Ndinatulutsa chitupa,
ndi pepala la kuchipatala lomwe ndimayenda nalobe m'thumba.
Analiwerenga mpaka pansi, nandibwezera ndi manja awiri.

Madala, anatero, njira zilipo ziwiri.
Fulashi iyi imangothyola loko,
mphindi zisanu mwalowa,
koma mawuwo apita, simudzawadziwanso.
Iyi ili ndi pulogalamu yongoyesa,
liwu ndi liwu, mamiliyoni,
mpaka lina likwane pakhomo.
Itha kuchezera usiku wonse, magetsi akalola.

Ndinati zithunzi zidikire.
Ine ndikufuna mawuwo.

Ndinakhala pa kireti ya zakumwa
kuonerera zilembo zikuthamanga pa sikirini yakuda
ngati linthumbu losamuka.
Makina alibe manyazi.
Amalakwa kambirimbiri pa kuphethira kumodzi
osapepesa, osapukuta thukuta,
pamene ine kulakwa kasanu ndi kawiri
kunandisowetsa tulo.

Cha m'ma folo magetsi anathima.
Tinasonkha ya petulo wa jenereta ya wamapaipi.
Ndinabwerera ku Chilinde chimanjamanja.

M'mawa foni: bwerani, yagwira.
Analemba kuseri kwa kapepala ka mayunitsi,
zilembo zisanu ndi zitatu,
pamlatho.

Mlatho uti?

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuuza alendo za ku Kawale,
za diresi lobiriwira, za ndalama yomwe inandigwa povina,
iye akuthira tiyi, akumwetulira,
osanditsutsa ngakhale tsiku limodzi.

Ndinatsikira kumtsinje wapansi,
kumene timilatho ta mitengo timalumikiza misika iwiri.
Ndinalipira, ndinawoloka.
Ndinalipiranso, ndinabwerera.
Mnyamata wotolera ndalama anayamba kundiyang'ana.
Matabwa ankalira pansi pa nsapato,
m'munsi madzi a bii atanyamula majumbo ndi makoko a nthochi.
Ndinaima pakati, anthu a mitolo akundigunda,
kudikira kuti mutu wanga ugwire ngati makina aja.

Mwina linali tsiku la mvula.
Mwina ndinalipirira wina wa kumbuyo kwanga amene analibe tchenji,
osacheuka n'komwe.
Mwina anangondiona ndikuterereka, naseka.
Mwina ndikupeka.
Palibe fulashi ya zimenezi,
ndinamufunsa Zikani, anaweramitsa mutu.

Anandilangiza kuti ndikafika ndisinthe,
ndiikepo mawu oti sindingaiwale,
ndiwalembenso penapake pobisika.
Ndinavomera.

Usiku ndinalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono.
Inatseguka osafunsanso.
Maakaunti a banki m'khonde, ngongole za anthu omwe amandipatsa moni,
kalata yopempha malo a sukulu a Tadala,
zithunzi mazana atatu, ine nditatsinzina m'zambiri.
Za mlatho mulibe chilichonse.

Sindinasinthe.
M'mawa uliwonse imandifunsa pomwe tinakumana,
ndipo ndimayankha monga anayankhira iye.